Ndinawatulutsa a Tembo pa Tebulo, Ndipo Sindipepesa

Loweruka lapitali ndinapalamula mlandu, ndipo mpaka lero foni yanga sinapume.

Mlandu wake ndi wakuti ndinawatulutsa a Tembo mu mpikisano wa poka, masewera aja a makadi.

Ndikudziwa kuti ena mwakwinya kale nkhope. Mayi wa ana, namwino wathunthu, woimba m'kwaya ya amayi, amakatani ku juga? Khalani pansi kaye. Kumene timasewerako, m'holo ina ku Mississauga kuno ku Canada, sitibetcha ngakhale senti. Ndi ligi ya Loweruka masana, ya anthu othawa kuzizira ndi kutopa ndi TV. Aliyense amalandira mulu wofanana wa tindalama tapulasitiki, timene ife a kumudzi timangoti njere, ngati za bawo. Njere zako zikatha ndiye kuti wafa, nyamula jekete uzipita. Wopambana amatenga chikho ndi matama basi.

Timayamba pa matebulo ambiri. Anthu akamachepa, oyang'anira amaphwasula tebulo limodzi n'kumwaza otsalawo ku matebulo ena, mpaka patsale limodzi la anthu naini. Aliyense wofika pa tebulo lomalizalo amapeza mpando ku mpikisano waukulu wotsekera chaka. Mpando umenewo ndi umene a Tembo akhala akuusaka chaka chonse chino.

Ngati mwakhalitsa kuno ndipo mumalankhula chinenero chathuchi, a Tembo mukuwadziwa ngakhale ndawasintha dzina. Kwawo ndi ku Chipata, ndipo anafika kuno ena a ife tisanadziwe kuti Canada ili mbali iti. Ndi iwo amachingamira alendo ku eyapoti, kuwapezera chipinda, kuwaphunzitsa kukwera basi. Pa ukwati ndi ankhoswe, pa maliro amafika oyamba n'kuchoka omaliza. Jekete langa loyamba la nthawi yozizira anandigulira ndi iwo pamodzi ndi malemu akazi awo, atandiona ndikunjenjemera pakhomo la tchalitchi m'kajuzi ka ku Limbe. Chimwalirireni mayi aja, poka ndi chinthu chokhacho chimene chimawatulutsa m'nyumba nkhope ili yowala. Anali atauza kale aliyense kuti chaka chino mpikisano waukulu suwaphonya.

Chifukwa cha mashifiti a kuchipatala, ine sindipita Loweruka lililonse, ndipo malo okhala amachita kugawa mwamaere. Choncho ine ndi a Tembo tinali tisanakumanepo pa tebulo limodzi nthawi imene zinthu zatentha. Loweruka limeneli tinakumana.

Tinatsala anthu khumi pa matebulo awiri. Akangofa mmodzi, otsala onse apeza mipando. Palibe nthawi yoopsa ngati imeneyi: aliyense amafungatira njere zake, kupempherera kuti afe mnzake. Ine tsikulo zinandiyendera, ndinali ndi mulu waukulu. Oyang'anira anali atangondisamutsira pa tebulo pamene panali a Tembo, mayi wina wa ku Philippines, mzungu wina wosalankhula, ndi Limbani, mnyamata wa ku Ntcheu amene amayang'anira ntchito pa weyahausi ina ku Brampton.

Makadi atagawidwa, oyamba kulankhula anali a Tembo. Mulu wawo sunali waukulu, komanso sunali wa munthu wothedwa nzeru, akanatha kudikira. Koma anangosuzumira makadi awo, n'kukankhira njere zawo zonse pakati, modekha ngati akupereka chopereka. Limbani anayang'ana makadi ake nthawi yaitali, anayang'ana a Tembo, kenaka n'kutaya. Enawo anatayanso. Ndinatsala ine, ndipo m'manja mwanga munali makwini awiri.

Kwa inu osasewera, makwini awiri ndi makadi amene munthu sataya pamalo ngati amenewa, makamaka uli ndi mulu woti ngakhale uluze ukhalabe moyo. Limbani anaona nkhope yanga, nandinong'oneza m'Chichewa.

"Asiyeni Achikulire, achemwali. Musawachititse manyazi."

Wogawa makadi anamukumbutsa kuti pa tebulo timalankhula Chingerezi chokha. Ine ndinakankha njere zanga n'kuvomera.

Titatembenuza makadi, a Tembo anali ndi naini ndi folo, makadi achabe, a mitundu yosiyananso. Mtima wanga unagwa, osati chifukwa choopa kuluza, koma chifukwa ndinadziwa kuti ndipambana. Makadi asanu a pakati, amene aliyense amaphatikiza ndi ake awiri, anatuluka osawathandiza kanthu. A Tembo anaimirira, namanga mabatani a jekete, napereka moni wa dzanja kwa aliyense. Ine anandigwiranso dzanja, koma maso ali kwina. Sanadikire ngakhale tiyi.

Mpando ndinaupeza, koma pa tebulo lomaliza sindinachedwepo. Mutu wanga unali utatsagana ndi a Tembo pa basi ya ku Etobicoke, kumene amakhala.

Ndisanafike n'komwe kunyumba, gulu lathu la pa WhatsApp linali litayaka. Wina anafunsa ngati ndinaleredwa ndi makolo. Wina anati Canada yandilowa m'mutu. Mayi wina amene sadziwa kusiyana kwa kingi ndi jeke analemba ndime yaitali yonena za akazi a masiku ano. Amuna anga, munthu wamtendere amene amapepesa ngakhale chitseko akachigunda, anati ndigule nkhuku ndikagwade, nkhani ithe.

Mwina ndikanapitadi ndi nkhukuyo. Chimene chinandiimitsa ndi uthenga wa Limbani. Pofuna kuonetsa kuti iye ndiye woleredwa bwino, anaulula kuti makadi amene anataya aja anali eyisi ndi kingi, makadi amphamvu ndithu. Anawonjezera kuti si koyamba, iye amawasiya Achikulire nthawi zonse. Anyamata ena atatu anavomereza monyadira kuti nawonso amatero. Mmodzi anati anatayapo maeyisi awiri, makadi oposa onse m'bokosi, chifukwa sakanatha kudya njere za munthu amene anamuyimira ukwati.

Ndinawerenga mauthengawo kawiri, ndipo manyazi amene ndinali nawo anasanduka mkwiyo.

Tiyeni tikambirane ngati anthu akuluakulu. Kodi mukuganiza kuti a Tembo anaponyeranji zonse ndi naini ndi folo? Si opusa. Ndi munthu amene anagwira ntchito ya maakaunti mpaka kupuma, amadziwa kuti folo ndi wamng'ono kwa kwini. Anaponya chifukwa chaka chonse akhala akuponya chomwecho, anthu n'kumathawa. Poka munthu amaiphunzira kwa anthu amene akusewera nawo. Ukachita chopusa, tebulo limakulanga, mawa suchitanso. Ukachita chopusa anthu n'kukuombera m'manja, umapita kunyumba ukuganiza kuti watulukira nzeru.

Anyamatawa anawaphunzitsa a Tembo kusewera molakwika, n'kuchitcha ulemu. Ndiye tsiku limene anakumana ndi munthu wosathawa, anagwa pamaso pa holo yonse, pa khomo penipeni pa chinthu chimene ankachifuna. Anawachititsa manyazi ndani, ine kapena iwo?

Ndisaiwale kunena kuti kusiyirana mnzako dala pa mpikisano n'kuphwanya malamulo. Mayi wa ku Philippines uja nayenso anakwera basi kudzafuna mpando womwewo. Ife tikamasungirana njere m'chinenero chathu, iye tikumubera. Oyang'anira akadzazindikira, sadzafunsa kuti wamkulu ndani. Adzatithamangitsa tonse, ndipo a Tembo adzataya ngakhale Loweruka lawolo.

Koma nkhaniyi ikanakhala ya makadi okha sindikanakutayitsani nthawi. Matendawa tili nawo paliponse.

Ku misonkhano ya bungwe lathu la anthu a kwathu okhala kuno, wapampando akabweretsa ganizo lopanda mutu, tonse timagwedeza mitu, ena mpaka kunena kuti amen. Tikangofika pa malo oimika magalimoto m'pamene msonkhano weniweni umayamba. Ganizo lija likalephera, timati tinkadziwa kale. Nanga munkadziwa bwanji osanena?

Ku ntchito kwanga ndimaona zoopsa kuposa pamenepa. Gogo wodwala shuga amabwera ali thapsa, ndipo ukafufuza umapeza kuti kunyumba amamwa tiyi wa masupuni anayi tsiku lililonse, chifukwa palibe mwana amene angalimbe mtima kuwakaniza. Tili ndi akuluakulu amene maso anayamba kuchita chidima koma akuyendetsabe galimoto pa sinowo, ana akungopemphera chamumtima pa mpando wakumbuyo. Tikamakaika maliro timati anali munthu wolemekezeka. Eya, tinamulemekeza mpaka kumanda.

Musandimve molakwa. Ine si wa gulu lija lonena kuti miyambo yathu ndi yachikale. Ana anga, ngakhale Chichewa chawo n'chothyokathyoka, amadziwa kuti wamkulu salandiridwa chinthu ndi dzanja limodzi. Ine ndemwe a Tembo sindingawatchule dzina lawo loyamba ngakhale mutandiloza ndi mfuti. Kugwada ndimagwada, mpando ndimapereka, mbale yoyamba imapita kwa iwo. Koma ulemu umene makolo anatiphunzitsa sunali wonamiza munthu. Omwewo ndi amene anati wakutsina khutu ndi mnansi. Sananene kuti khutu la wamkulu lilibe mnansi.

Chimene timachita ife ndi mantha ovala zovala za ulemu. Timaopa nkhope imene wamkuluyo atipatse, timaopa zimene anthu anene, ndiye timasankha njira yotipepukira ifeyo. Limbani sanataye eyisi ndi kingi chifukwa cha a Tembo. Anataya kuti iye agone bwino.

Lachitatu sindinali pa ntchito, ndiye masana ndinakwera basi kupita ku Etobicoke. Nkhuku sindinanyamule. Ndinanyamula mandasi amene ndinakazinga m'mawa ndi bokosi la makadi m'chikwama. Ndinene zoona, munthu amene ndinkapita kukamupwetekayo ndimamukonda ngati bambo anga.

Anandilandira bwino, monga mwa masiku onse. Anafunsa za ana, za amuna anga, za kumudzi ngati mvula yayamba. Anateleka tiyi okha, kundikaniza kuthandiza. Tinazungulira nkhani zonse za pansi pano kupatula imene inandibweretsa. Kenaka anaika kapu pansi n'kunena kuti sanandikwiyire, masewera ndi masewera. Chimene chinkawasowetsa tulo n'chakuti sankamvetsa chimene chinalakwika.

"Amake Tadala, ija move yanigwirira nchito chaka chonse. Nikaponya zonse, anthu athawa. Manje imwe munaona chani?"

Apa m'pamene panali mphambano. Ndikanatha kunena kuti linali tsoka chabe, makwini amabwera mwa kamodzikamodzi, ayesenso Loweruka likubwerali. Akanamwetulira, ine n'kubwerera kwathu mtima uli m'malo, ndipo Loweruka akanakaponyanso naini ndi folo.

M'malo mwake ndinawafunsa kuti akumbukire anthu amene ankathawawo anali ndani. Anayamba kutchula mayina, monyadira ndithu. Limbani. Mnyamata wa ku Zomba uja. Mwana wa mlongo wa abusa. Atafika pa dzina lachinayi mawu anayamba kuchepa. Ndinafunsanso kuti zimatha bwanji masiku amene maere awaika pa tebulo lopanda munthu wa kwathu. Anati masiku amenewo amafa msanga, koma ankayesa kuti ndi tsoka.

Munthu wa maakaunti safuna kumuwonkhetsera.

Kenaka ananyamuka, natenga makapu, tiyi wanga ndisanamalize n'komwe, n'kukayamba kutsuka atandifulatira. Ndinamva madzi akungotayika pa sinki. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. M'moyo mwanga ndauzapo mabanja ambiri uthenga woipa m'makhonde a chipatala, koma sindinamvepo kuwawa ngati kumene ndinamva poyang'ana msana wa bambo amenewa.

Atabwerera anakhala pansi, maso ali ofiira.

"So ine sininali kusewera," anatero. "Munali kunilera chabe."

Ndinati si onse, ndipo anyamatawo anachita chifukwa chowakonda. Anapukusa mutu. Anati chimwalirireni akazi awo aliyense amawagwira ngati dzira: ana awo ku foni amawabisira mavuto, ku tchalitchi sawapatsanso ntchito yolemetsa, ngakhale nthabwala anthu amaseka asanamalize kuinena. Ku poka n'kokhako kumene ankakhulupirira kuti chimene apeza ndi chawo, chopeza ndi mutu wawo. Tsopano ndawalanda nakonso.

Mawu amenewo anandilasa. Ndinayamba kusonkhanitsa chikwama changa kuti ndizipita. Pamenepo bokosi la makadi lija linaonekera, ndipo iwo analiona.

Anandifunsa ngati ndinabwera nalo kudzangoliyendetsa. Ndinati ayi. Anasuntha mbale ya mandasi, napukuta tebulo ndi dzanja, nati ndigawe.

Tinasewera mpaka dzuwa kupendeka, nyemba zouma zili njere zathu. Sindine katswiri, koma zimene matebulo anandiphunzitsa pondimenya ndinawapatsa zonse, osasungako.

Tinayamba ndi msonkho. Pa kugawa kulikonse anthu awiri amakakamizidwa kuponya njere asanaone makadi, ndipo msonkho umenewu umazungulira tebulo, n'kumakwera nthawi ikamapita. Ndinawauza kuti asamawerenge mulu wawo ngati njere, aziwerenga kuti ungalipire msonkho kangati. Yankho la funso limenelo ndi limene limakuuza kasewero. Ukakhala ndi wokwanira maulendo ambiri, palibe chothamangira, taya zinyalala, dikira. Ukatsala ndi wochepa, kudekha kuja kumasanduka mdani, chifukwa msonkho umakudya uli chikhalire. Pamenepo sankha makadi abwinoko n'kuponya zonse mulu ukadali woopsa, usanafike poti aliyense angakuvomere akuseka. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Vuto lawo Loweruka lija linali lakuti anathamanga pa nthawi yodekha, ndipo iwo eni anavomera kuti masiku ena amadekha pa nthawi yothamanga.

Za malo okhala zinawavuta kuvomereza. Kwathu wamkulu akalankhula koyamba nkhani yatha, koma pa tebulo woyamba kulankhula ndiye wosauka, chifukwa onse akumbuyo amva kale maganizo ake iye asanamve awo. Wolankhula komaliza ndiye mfumu. Makadi omwewo amene ungasewere uli komaliza, uli koyamba uyenera kuwataya. Anaseka koyamba tsikulo, nati ndiye kuti masewerawa anayambitsa ndi munthu wopanda mwambo.

Kenaka ndinawafunsa kuti asanaponye zonse Loweruka lija, anayang'ana mulu wa ndani. Anati wawo. Ndinati m'pamene panagona cholakwa chachikulu. Usanaopseze anthu, yang'ana amene ali kumbuyo kwako, udzifunse ngati angathe kuopa. Wa mulu wapakatikati amaopa, makamaka mipando ikayandikira, chifukwa ali ndi choti ataye. Wa mulu waukulu ngati umene ndinali nawo ine saopa, ndipo wotsala ndi tinjere tiwiri saopanso, poti wafa kale. Kuopseza anthu awiri amenewa ndi makadi achabe n'kudziponya wekha m'dzenje.

Tinakambanso za kusamutsidwa, chinthu chimene chimasiyanitsa mpikisano wa matebulo ambiri ndi masewera a pakhonde. Umangozolowera anthu, wadziwa kuti uyu ndi wamantha, uyu ndi wabodza, basi akugwira paphewa kuti nyamula njere, pita uko. Kumene wafikako mbiri yako sakuidziwa, iwenso yawo suidziwa. Ndinawalangiza kuti akafika pa tebulo latsopano azikhala kaye ngati mkamwini wofika kumene, maso ndi makutu, aone amene akulamulira ndi amene akungobisala. Zimene zinagwira ntchito pa tebulo lakale zisiyeni komweko.

Anamvetsera ngati mwana wa sukulu, koma wa makani. Anatsutsa, anafunsa, penapake anandigwira nditalakwitsa kuwerengera mwayi wa makadi, ndipo anakondwa kwambiri kundikonza. Ndinawadya nyemba zonse kawiri. Ulendo wachitatu anandinamiza bwinobwino, ndinataya makadi abwino iwo alibe kanthu, ndipo anandionetsa makadiwo akuseka mpaka kutsokomola. Nyemba zimenezo anazipeza okha, ndipo tonse awiri tinadziwa.

Kwatsala Loweruka limodzi lopezera mipando chaka chino. Sindikulonjezani kuti a Tembo aupeza. Masana amodzi sachotsa zizolowezi za chaka chathunthu, ndipo makadi alibe chisoni ndi munthu. Akhoza kusewera bwino koposa n'kufa oyamba. Inenso ndidzakhalapo, chifukwa amene tinapeza kale mipando timaloledwa kusewera, ndipo ndasinthana shifiti ndi mnzanga kuti ndisaphonye.

Kwa inu amene mwakhala mukundilembera, yankho langa ndi limeneli: sindipepesa. Ndikadzapezanso makwini awiri, wina n'kuponya zonse patsogolo panga, ndidzavomera, kaya ndi abusa, kaya ndi apongozi anga. Ndikadzaluza ndidzagwira dzanja, ndikadzapambana ndidzagwiranso dzanja, ndi manja awiri ngati ndi wamkulu. Mukhoza kundichotsa pa gulu la WhatsApp, foni yanga ipumeko.

Pondiperekeza ku khomo, a Tembo anandifunsa ngati ndikadalembabe m'nyuzi muno. Nditavomera, anati ndiwalembere uthenga kwa anyamata aja, popeza iwo akawauza pamaso adzangoti chabwino Achikulire, n'kupitiriza zomwezo. Ndinawafunsa kuti ndilembe chiyani. Anaganiza pang'ono, dzanja lili pa chitseko.

"Muwauze kuti nikali moyo. Wamene anikonda abwere anidye njere. Wamene azatayanso makadi abwino chifukwa cha imvi zanga, pa maliro anga asakayimbe."

Limbani, ndi anzako atatu aja, uthenga wanu ndi umenewo, ndaupereka monga ndinaulandirira.

Nanga inu ena, amene simunagwirepo khadi chibadwire, ndi wamkulu uti kunyumba kwanu amene mwamuika kale m'manda ndi ulemu wanu, iye akadapuma?